Uta wautali, uta waufupi: kulasa kumachokera kuti?

Mukachoka ku Lusaka kulowera kum'mawa pa msewu wa Great East, pakangotha makilomita pafupifupi 45 mwafika pa Chongwe, dziko la Asoli, kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. M'mbali mwa msewuwu masiku ano mumaona matumba a makala, tomato ndi njinga zolemedwa ndi katundu. Uta simungauone. Mnyamata wa kuno akafuna njiwa amatenga legeni. Koma mtsinje wa Chongwe ukatsetsereka m'mapiri kukathira mu Zambezi umakhala malire a kumadzulo a Lower Zambezi National Park, ndipo mbawala, nswala, ngoma, njiri ndi njati zimene zatsala kumeneko kale zinkayenda m'dera lonseli. Anthu ankazisaka ndi uta kwa zaka masauzande ambiri mfuti isanafike. M'phanga la Leopards Hill, kum'mwera chakum'mawa kwa Lusaka, ofukula zakale adapeza timiyala ting'onoting'ono tosemedwa bwino, ta mtundu umene alenje akale ankamatirira ku mivi ndi ku zida zina.

Pakati pa anthu okonda mauta pali funso limene silikalamba: kodi uta ukakhala wautali umalasa bwino kuposa waufupi? Ena amalumbirira uta wofika m'mutu mwa mwini wake. Ena amati utali n'katundu chabe, wongokola m'zitsamba. Yankho langa n'lakuti utali umathandizadi, koma suwongola muvi. Ntchito yake n'kukhululukira zolakwa za manja a wolasa. Ndipo m'tchire ngati la ku Chongwe alenje adali ndi njira zina zopezera zimene utali umapereka, njira zimene zinkafuna luso loposa kungosema mtengo wautali.

Tiyambe ndi mtengowo. Uta wa makolo athu ndi mtengo umodzi wokha, wosemedwa, wopyapyala kunsonga zonse ziwiri, wokungidwa ndi nsinga ya chikopa chopota kapena ya mitsempha ya nyama. Mukaukoka, kumsana kwake kumatanuka pamene kumimba kwake kumapanikizika. Mtengo uliwonse uli ndi malire a kupindika kwake; mukapyola malirewo umathyoka, kapena umagonja n'kukhala chipindikire, mphamvu zitatha. Choncho kutalika kwa uta kumalamula kuti muukoke mpaka pati. Osema mauta a mtengo umodzi amatsata lamulo losavuta, lakuti utawo upose pang'ono kuwirikiza kawiri mtunda umene nsinga idzakokedwe. Munthu wamkulu amene amakoka mpaka dzanja lifike pakamwa amakoka masentimita pafupifupi 70, ndiye uta wake uyenera kupitirira mita imodzi ndi theka. Uta wa mita imodzi sungalole zimenezo. Mwini wake amaukoka pang'ono, dzanja lili m'malere patsogolo pa chifuwa, n'kutaya.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kulunjika. Dzanja likafika pamalo amodzimodzi nthawi zonse, kaya pangodya ya mlomo kaya pansi pa chibwano, muvi uliwonse umanyamuka ndi mphamvu yofanana, ndiponso mchira wake umakhala pamalo omwewo poyerekeza ndi diso. Dzanja loima m'malere lilibe poyedzamira. Lero lakoka masentimita 45, mawa 48, ndipo muvi wina wagwa pansi pa nyama, wina wadutsa pamsana pake. Masamu ake ndi osavuta. Dzanja lakumbuyo likasuntha sentimita imodzi yokha cham'mbali pa uta wokokedwa masentimita 70, muvi umapatuka masentimita pafupifupi 29 pa mtunda wa mamita 20. Kulakwa komweko pa uta wokokedwa masentimita 45 kumapatutsa muvi masentimita 44. Malo a pachifuwa cha mbawala pamene muvi umapha msanga sakula kuposa mbale yodyera nsima. Muonepo nokha kusiyana kwake.

Chachiwiri ndi zala. Nsinga ikakokedwa imapanga ngodya pamene pali zala. Pa uta wautali ngodyayo imakhala yotakasuka, zala zimagona bwino, ndipo potaya nsinga imatsetsereka mosavuta. Pa uta waufupi wokokedwa kwambiri ngodya imathina, zala zimafinyana n'kutsina mchira wa muvi. Muvi wotsinidwa umachoka pa uta ukugwedeza mchira. N'chifukwa chake mitundu ya anthu imene idakhala ndi mauta aafupi idapezanso kakokedwe kena. Ena amatsina muvi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, zimene zimatheka pa uta wofewa wokha. Ena, monga a ku Korea, Mongolia ndi Turkey, amakoka ndi chala chachikulu chokha chovekedwa mphete, ndipo chala chimodzi sichivutika ndi ngodya yothina.

Palinso kulimba kwa kumapeto. Uta waufupi umayamba mofewa, koma mukayandikira malire ake umauma mwadzidzidzi, sentimita iliyonse n'kumafuna mphamvu zochuluka kuposa yapitayo. Pamenepo mapewa amanjenjemera, ndipo kusiyana pang'ono kwa kakokedwe kumasintha kwambiri liwiro la muvi. Uta wautali umalemera pang'onopang'ono mofanana mpaka kumapeto. Umakhalanso wolemerera m'manja, wosapotoka msanga dzanja likagwedezeka potaya. Akatswiri opikisana pa masewera a Olympic, amene amalasa chandamale cha masentimita 122 pa mtunda wa mamita 70, amagwiritsa ntchito mauta a masentimita pakati pa 168 ndi 178, ndipo munthu wa mikono itali amasankha wautali. Iwowa angathe kugula uta uliwonse umene akufuna. Akadaona kuti waufupi umawapatsa zigoli zambiri, bwenzi onse atausamukira kalekale.

Mpaka apa zikuoneka ngati uta wautali wapambana mlandu. Koma mbiri ya dziko lapansi siivomereza msanga choncho.

Zoonadi, mauta otchuka ena ndi aatali. Sitima ya nkhondo ya ku England yotchedwa Mary Rose idamira mu 1545, idavuulidwa mu 1982, ndipo ofukula adapezamo mauta oposa 130 athunthu, ambiri otalika pafupifupi mamita awiri. Uta wa ku Japan umapitirira mamita awiri. Komatu Angerezi sadatalikitse mauta awo pofuna kulasa diso la mbalame. Ankafuna uta wolimba kwambiri wotha kuponya muvi wolemera patali, pakati pa khamu la adani, ndipo mtengo umodzi sungapirire mphamvu yotere pokhapokha utatalika. Tsono taonani ku Korea. Uta wawo wachikhalidwe, womatidwa ndi nyanga ya njati, nsungwi ndi mitsempha, ndi waufupi ndithu, koma mpaka lero amalasa nawo chandamale pa mtunda wa mamita 145. Nyanga imapirira kupanikizika ndipo mtsempha umapirira kutanuka kuposa mtengo, motero uta waufupiwo umakokedwa mpaka kupitirira khutu. Umapeza phindu lonse la kukoka kotalika popanda kutalika kwa mtengo. Zimenezi zikutiuza kuti chofunika kwenikweni si mamita a uta ayi, koma ngati utawo ukulola mwini wake kukoka mokwanira, mofanana, n'kutaya mosatsina.

Kuno kwathu mauta omatidwa ndi nyanga sadakhazikike. Alenje a mu Africa muno kum'mwera kwa Sahara adakhala ndi uta wa mtengo umodzi, ndipo adagawanika panjira ziwiri zimene zimaoneka bwino tikayerekeza mitundu iwiri yodziwika.

Ahadza a ku Tanzania, pafupi ndi nyanja ya Eyasi, amasema mauta aatali ngati msinkhu wa munthu, olimba kwambiri, ndipo mivi yawo ndi yaitali, ya nthenga. Ofufuza amene adayeza kalasidwe kawo adapeza kuti amakoka mphamvu yofanana ndi kunyamula makilogalamu pafupifupi 30, ndipo muvi umathamanga mamita pafupifupi 45 pa sekondi. Asan a m'chipululu cha Kalahari ali ndi uta waufupi, wa mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, wofewa moti mwana angaukoke, ndi timivi topepuka ta bango topanda nthenga. Munthu wosadziwa angauyese choseweretsa. Koma ndi uta womwewo Asan amagwetsa ngoma, nchefu ngakhale nyamalikiti. Chinsinsi chawo chili pawiri: amawenda nyama mpaka kuifika pafupi, ndipo muvi wawo umapakidwa ululu wochokera ku mphutsi za kachilombo kotchedwa Diamphidia. Muvi wa ululu sufunika kulowa mumtima. Ukangoboola chikopa pantchafu kapena pamimba, ntchito yatha, chotsala n'kulondola mapazi. Chandamale chimene chinali chaching'ono chakula kukhala nyama yonse.

Njira ya ululuyi ndi yakale kwambiri m'Zambia. Pa akasupe otentha a Gwisho, mu Lochinvar National Park kufupi ndi mtsinje wa Kafue, Brian Fagan ndi Francis Van Noten adafukula malo a alenje amene adakhalako zaka zoposa 4,000 zapitazo. Chifukwa cha chinyezi cha dothi la pamenepo, zinthu za mtengo sizidaole. Adapeza zidutswa za mauta, timitengo tolumikiza mutu wa muvi ku bango lake, ndi nyemba za mtengo wa Swartzia madagascariensis, umene alenje a kum'mwera kwa Africa amagwiritsa ntchito pokonza ululu. Kamtengo kolumikiza kaja n'kanzeru zakuya. Nyama ikalasidwa n'kuthamangira m'zitsamba, bango limakoledwa n'kugwa, koma mutu wa ululu umatsala m'thupi. Bango logwalo limauzanso mlenje kuti walasadi, ndiponso kumene nyama yalowera.

M'zigwa za Zambezi ndi Shire ululu wotchuka unali kombe. John Kirk, dokotala wa pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi umene udayamba mu 1858, adaona Amang'anja akupaka kombe ku mivi yawo ya mitu yachitsulo, ndipo adasunga njere zake. Tsiku lina mswachi wake udakhudzana ndi ululuwo m'thumba, ndipo atatsuka mano adaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh adatulutsa m'njere za kombe mankhwala otchedwa strophanthin, amene madokotala a ku Ulaya adachizira nawo matenda a mtima kwa zaka zambiri, ndipo chomeracho chidalembedwa m'mabuku a sayansi kuti Strophanthus kombe. Zimandikhudza kuti dzina la Kirk ndi la Fraser timalidziwa, pamene alenje amene adadziwa muyeso wa kombe, kaphikidwe kake, ndi kudula n'kutaya nyama yozungulira bala kuti yotsalayo idyedwe, palibe amene adalemba maina awo.

Tsono tibwerere ku Chongwe, tione tchire lenilenilo. Kumtunda kuli nkhalango ya miombo, mitengo yotalikirana pang'ono, udzu wofika m'chiuno kapena kupitirira nthawi ya dzinja. Kulowera ku Zambezi kuli mapiri, zigwembe ndi zitsamba zowirira. M'malo otere nyama siioneka pa mamita 70. Imaoneka pafupi, mwadzidzidzi, mwina theka la thupi lokha, ndipo mlenje amakhala atagwada kapena atanyonyomala. Uta wa mamita awiri pamenepo nsonga yake yapansi imagunda nthaka, yapamwamba imakola nthambi, ndipo nsonga ikangokhudza kanthu potaya, muvi wapita kwina. Phindu lonse la utali limathera pa nthambi imodzi. Mlenje amatha kupendeketsa uta, inde, koma kupendeketsa kumafuna malo m'mbali, amene m'zitsamba mulibe. Uta wapakati, wofika pachifuwa kapena paphewa la mwini wake, ndiwo umagwirizana ndi tchire lotere: wautali mokwanira kuti ukokedwe bwino, waufupi mokwanira kuti uyende naye chokwawa.

Pali chinthu china chimene okangana za utali amachiiwala kawirikawiri, ndicho nthawi. Muvi wothamanga mamita 45 pa sekondi umatenga pafupifupi theka la sekondi kuti ufike pa mamita 20. Phokoso la nsinga limafika m'makutu a nyama muvi usanayende ngakhale mamita atatu. Gwape kapena nswala yochenjera imakhala itanyonyomala kale kuti idumphe, muvi n'kudutsa pamene panali msana wake. Komanso muvi umagwa poyenda. Pa liwiro lomwelo, ukaponyedwa mopingasa, umatsika masentimita pafupifupi 25 pa mamita 10, pafupifupi mita yathunthu pa mamita 20, ndi kuposa mamita awiri pa mamita 30. Kulakwitsa mtunda ndi mapazi atatu okha pa mamita 30 n'kuphonya basi, uta ukhale wautali bwanji. Pa mamita 10 kulakwa komweko sikuoneka n'komwe. Choncho mlenje amene wachepetsa mtunda ndi theka wapindula kwambiri kuposa amene watalikitsa uta wake ndi chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Kulunjika kwa alenje akale kunali m'miyendo: kudziwa kumene mphepo ikuchokera pomwaza fumbi kapena phulusa, kuponda mosathyola kamtengo, kudikira padziwe m'mwezi wa Okutobala pamene madzi asowa ndipo nyama ilibe kwina kokamwa. Pa uzimba, pamene mudzi wonse unkatuluka ndi agalu, maukonde, nthungo ndi zibonga, nyama inkachita kuthamangira kwa wolasa, ndipo chofunika chinali kufulumira kwa manja.

Muvi nawonso uli ndi mawu ake pa mlanduwu, mwinanso okulirapo kuposa a uta. Nsinga ikatayidwa, muvi suchoka uli chiwongokere. Umapindika pang'ono chifukwa cha kukankhidwa kumchira, n'kuzungulira chogwirira cha uta, kenako n'kuwongoka m'malere. Bango lofewa kwambiri pa uta wolimba limapindika mopitirira n'kupatukira mbali imodzi. Lolimba kwambiri pa uta wofewa limapatukira mbali inayo. Uta wautali wokokedwa kwambiri umafuna muvi wautali, ndipo bango lalitali lowongoka, lolimba mofanana ndi anzake, n'lovuta kupeza kuposa lalifupi. Mlenje wosamala ankasankha mabango ake, kuwawongola pamoto, kuyeza mitu yochokera kwa wosula kuti isasiyane kulemera, ndipo m'phodo mwake ankadziwa khalidwe la muvi uliwonse. Mupatseni munthu uta wabwino koposa ndi mivi isanu yosiyana kulemera, adzamwaza. Mupatseni uta wamba ndi mivi isanu yofanana, pakapita masabata angapo adzayamba kuiunjika pamodzi. Pa zonse zimene ndalemba pano, ichi ndicho ndingachiikire kumbuyo mosakayika.

Nanga msinkhu wa munthu? Uta sukhala wautali kapena waufupi pawokha, koma poyerekeza ndi mikono ya woukoka. Mbiri ya Achewa imakumbukira Akafula, anthu aafupi amene adawapeza m'madera ano, alenje amene amati ndiwo adajambula zithunzi zofiira za m'mapanga a Chongoni ku Dedza. Uta umene kwa munthu wamtali ndi waufupi, wotsina zala, kwa munthu wamfupi ndi wokwana bwino. Ndi chifukwa chake uta wobwereka sulasa ngati wako, ndiponso mnyamata ankasinthiridwa uta akamakula, kuyambira wa mbewa ndi abuluzi mpaka wa nyama.

Chidathetsa mkanganowu m'midzi si yankho, koma mfuti. M'zaka za m'ma 1800 amalonda a minyanga ndi Achikunda ochokera ku Zumbo ndi Feira, kumene Luangwa amakumana ndi Zambezi, adafalitsa mfuti za gogodela m'zigwa zimenezi. Gogodela sinali yolunjika kwenikweni, ndipo inkafunabe kuti mlenje awende pafupi, koma inkagwetsa nyama yaikulu ndipo inkapatsa mwini wake ulemu. Kenako adabwera malamulo a atsamunda oletsa kusaka, kenakonso waya wa misampha, amene safuna luso lililonse ndipo amapha chilichonse chodutsa. Lower Zambezi idakhala paki mu 1983. Lero lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limaletsa kusaka popanda chilolezo, limaletsanso ululu ndi zida zopakidwa ululu, ndipo oyang'anira ndi a Department of National Parks and Wildlife. Sindikulira kuti kombe abwerere m'tchire. Nyama zatsala zochepa, anthu tachuluka, ndipo nyama yolasidwa ndi ululu imatha kuvutika maola ambiri isanafe.

Chimene chimandipweteka ndi kutayika kwa nzeru ya m'manja. Kusema uta kumafuna kudziwa mtengo woyenera, nyengo youdula, kauimitsidwe kake pamthunzi, ndi kupala pang'onopang'ono mpaka mbali zonse ziwiri zipindike mofanana. Uta umene mbali imodzi ndi yolimba kuposa inzake sulasa, utalike kapena ufupike. Nzeru imeneyi siili m'buku. Imafa ndi nkhalamba imene ili nayo. Mitengo yakenso ikutha. Makala amene amaphikira nsima ya mu Lusaka ambiri amachokera m'nkhalango za Chongwe ndi Rufunsa, ndipo pamene padutsa owotcha makala, mtengo wowongoka wopanda mfundo, wotalika mita imodzi ndi theka, umasowa. Posachedwa funso la uta wautali lidzayankhidwa ndi nkhwangwa.

Komabe uta sufunika nyama kuti ukhale ndi moyo. Ku Korea, ku Japan ndi ku Bhutan kulasa chandamale ndi masewera aulemu, a achinyamata ndi akuluakulu omwe. Chaka ndi chaka, mvula ikayandikira, Asoli amasonkhana kwa Amayi Nkomeshya pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula ndi kudalitsa mbewu. Pamisonkhano ya mtundu wotere, ndiponso m'masukulu a m'boma la Chongwe, mpikisano wa mauta osema pamanja ungakwane bwino, ndipo ungapatse akuluakulu odziwa kusema chifukwa chophunzitsira adzukulu. Mauta akale amene akadali pamadenga a nyumba ndi m'nyumba zosungira zakale monga Livingstone Museum ndi Lusaka National Museum ayenera kuyezedwa mmodzimmodzi: utali, makulidwe, mtundu wa mtengo, mudzi umene udachokera, ndi utali wa mivi yake, pakuti muvi ndiwo umaulula kuti mwini uta ankakoka mpaka pati.

Kwa mnyamata kapena mtsikana wa ku Chongwe amene akufuna kuyamba, muyeso wake ndi uwu. Atambasule dzanja lamanzere ngati wagwira uta, wina ayeze kuchokera pachikhatho mpaka pangodya ya mlomo. Awirikize kawiri, awonjezepo chikhatho chimodzi kapena ziwiri, ndipo umenewo ndiwo utali wa mtengo woti adule. Uta woyamba ukhale wofewa, woti angaugwire chikokere n'kuwerenga mpaka 10 osanjenjemera. Mabango adule ambiri, asankhepo asanu ofanana kulemera ndi kulimba, ndipo chandamale chikhale thumba la udzu pa mamita 10, kumbuyo kwake kuli chulu kapena khoma, kutali ndi njira ya anthu ndi ziweto. Mivi isanu ija ikayamba kugwera pamodzi, abwerere m'mbuyo mapazi asanu.